Fyuzi ya Belu M'nyumba Yopanda Belu

1

Dzina langa ndine Lenny Heslop. Pa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu zimene ndapuma mpweya, ntchito imene ndaigwira mokhulupirika ndi imodzi yokha, yomvetsera nkhani za eni. Sukulu ndinaithawa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinakolopapo m'sitima zapamadzi, ndinayendetsapo malole mpaka ku Spain, ndinasendapo mbatata m'hotela ina ku Hull, ndipo kulikonse ndinkapeza munthu wofuna kutula za kumtima kwa mlendo amene sadzaonana nayenso. Lero mpando ndautembenuza. Nkhani ino ndi yanga, ndipo wolakwa ndine.

Zinayamba ndi bondo la mkazi wanga Noreen. Dokotala atamuletsa kukwera masitepe, tinagwirizana zowonjezera chipinda chogona pansi, kuseri kwa khitchini, chokhala ndi bafa lakelake la shawa yamagetsi. Mu Januwale, denga litatha, kunabwera wamagetsi, a Keith Tweddle, bambo wamfupi wosaseka wamba.

Anatsegula kakabati ka kunsi kwa masitepe, naunika bokosi lathu la mafyuzi ndi tochi, napukusa mutu ngati afika pa siwa.

"Madala, chinthu ichi chili ndi zaka zingati?"

"Tinachipeza momwemo titangokwatirana," ndinayankha.

"Chikuoneka. Shawa yatsopano singalowe apa. Ndichotsa chonsechi, ndiike bokosi lamakono, la maswichi odzithimitsa okha waya akangolakwitsa pang'ono. Koma ndisanasaine pepala, waya aliyense wa m'nyumba muno ndimuyeza, ndidziwe kumene wachokera ndi kumene akupita. Lachinayi magetsi ndizimitsa eyiti koloko m'mawa, ayaka madzulo."

"Aliyense?" ndinafunsa, mawu atachepa ngati a mwana.

"Aliyense."

Noreen anati palibe chovuta, chitofu chathu n'cha gasi, tiyi timwa. Ine ndinapita kuchimbudzi, ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi osavula kanthu.

2

Kuti mumudziwe Noreen, yambani mwadziwa za anyezi. Kwathu kuno migodi ya malasha inatsekedwa kalekale, koma mpikisano wa anyezi kukalabu sunafe ndipo sudzafa. Mbewu timafesa Khirisimasi itangopita, timazilera m'nyumba zagalasi chisanu chonse, ndipo mu Sepitembala mwini anyezi wolemera kuposa onse amanyamula chikho. Bambo ake a Noreen anachinyamula kasanu ndi kawiri. Iye atalowa m'malo mwawo anachinyamula katatu. Kenako, zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana, wakhala ali wachiwiri, ndipo womugonjetsa ndi mmodzi yemweyo: Mayi Avril Pringle, amasiye oyandikana nafe mpanda.

"Mayi amene uja sasiyanitsa khasu ndi supuni," Noreen ankatero akutsuka mbale mokhala ngati akuzilanga. "Zikhadabo zopaka utoto zija zinagwirapo dothi liti?"

Moni anasiya kupatsana m'chaka chachitatu.

Ine m'dimba la Noreen ndinaletsedwa kupondamo. Nditangopuma pa ntchito ndinafuna kumuthandiza kupalira, ndipo ndinazula mzere wathunthu wa mbande ndikuyesa udzu. Sanakalipe. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Bambo a Joanne, manja anuwo ngakupha. Ngakhale chisoso mutachithirira inu chingafote. Boma linakupatsani chiphaso chokwerera basi ulere. Tengani, muzikayenda monga munazolowera."

Choncho m'mawa uliwonse ndinkavala chikhoti, kutenga fulasiki ya tiyi ndi chiphaso changa, n'kutuluka. Madzulo ndinkabwera ndi nkhani: mayi wa ku Blyth amene anakwatiwa ndi amuna atatu onse dzina lawo Stanley, wansembe wa ku Morpeth amene ankaopa nkhunda. Noreen ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu kambale.

Ndimo mmene masiku anga ankayendera. Kapena ndinene kuti ndimo mmene Noreen ankadziwira.

3

Lachitatu lonse ndinafunafuna mpata wolankhula ndi Mayi Pringle, koma Noreen anaswera pawindo la chipinda chatsopano akuyeza makatani, ndipo windo limenelo limaona mpanda wonse. Lachinayi kunacha ndi chisanu choopsa, udzu uli mbuu, madzi a mbalame atauma gwa. Kota tu eyiti ndinaona Mayi Pringle akukhoma chitseko chawo, chikwama kumkono, ulendo wa kutauni kokakonzetsa tsitsi. Eyiti koloko a Tweddle anagwetsa swichi yaikulu. Firiji inasiya kung'ung'udza, ndipo mtima wanga unayamba.

Anagwada m'kakabati muja akuzula mafyuzi imodziimodzi, akuwerenga zimene zinalembedwa pamwamba pa iliyonse. Magetsi a pansi. Magetsi a m'mwamba. Masoketi. Thanki ya madzi otentha. Atafika pa yomaliza anaima.

"Amayi, belu lanu lili pati?"

"Tilibe belu," Noreen anayankha ali kukhitchini. "Anthu amagogoda."

"Apa alemba kuti belu."

Noreen anabwera akutsimphina, navala magalasi, nawerama.

"Ndipo taonani waya wake," a Tweddle anapitiriza. "Wonenepa ngati chala changa chachikulu. Belu lodya moto wotere litalira, kumanda kuja kungatsale anthu ochepa."

"Zolembazi ndi zanu, bambo a Joanne," anatero Noreen. "B wa mimba ziwiri zosiyana uyu ndimamudziwa."

"Mwina belu linalipo kale," ndinatero. "Nthawi ya nkhondo."

"Waya uyu sanapitirire zaka khumi, madala," a Tweddle anatero osandiyang'ana. "Ndipo amene anamulumikiza, ngati akali moyo, ndi chisomo chabe."

"Anthu ena alibe manyazi," ndinavomereza.

"Ndiye akupita kuti?" Noreen anafunsa.

"Waboola khoma, watulukira kuseri. Ndimalize kupachika bokosi latsopanoli, kenako ndimutsata. Kugalimoto ndili ndi kamakina kolira kakamva waya pansi pa nthaka."

"Osavutika," ndinatero. "Ingomusiyani mmene alilimo, mumulowetse m'bokosi latsopanolo. Sanalakwirepo munthu."

A Tweddle anatembenuka koyamba m'mawa umenewo.

"Madala, pa pepala paja pamakhala dzina langa."

4

Pofika teni koloko ndinali nditayang'ana wotchi mwina kambirimbiri kuposa tsiku la ukwati wanga. Kunja chisanu sichinkasungunuka. Ndinatereka ketulo pa gasi. Itawira ndinaterekanso. Noreen anandipeza ndikutereka kachinayi.

"Madzi onsewa ndi a chiyani?"

"Tiyi wa a Tweddle."

"Munthu mmodzi, maketulo anayi? Akusamba?"

"Amisiri amamwa, mayi. Ku Hull ndinadziwana ndi wina amene..."

"Nkhani madzulo," anandidula, napita kukaimika makatani ake.

Ndinakwera m'mwamba mwakachetechete, ndinatenga mabotolo atatu a labala amene timafunditsira mapazi pabedi, ndinawadzaza madzi otentha. Awiri ndinawalowetsa m'juzi, lachitatu kumsana m'lamba. Bulangeti la mandalasi la Noreen, limene mwana wathu Joanne anamugulira ku Edinburgh, ndinalikulunga m'chiuno, chikhoti pamwamba. Pagalasi la m'khonde ndinaoneka ngati mayi wa miyezi isanu ndi inayi woyembekezera mapasa.

"Ndikukakwera basi," ndinalengeza ndili kale pakhomo.

"Mukuyenda bwanji choncho?"

"Nyamakazi."

"Nanga chikukhuvukacho n'chiyani?"

"M'mimba, mayi. Soseji ya dzulo."

Ndinatulukira khomo lakumaso monga mwa masiku onse, ndinapita mpaka pakona, ndinakhotera m'kanjira ka zinyalala kodutsa kuseri kwa nyumba, ndinalowa m'dimba mwathu mowerama kuseri kwa shedi. Pamenepo pali thabwa limodzi la mpanda limene silili ngati anzake. Ndinalikankha, linatseguka osalira, ndipo ndinalowa kwa Mayi Pringle.

5

Kanyumba kagalasi ka Mayi Pringle kali kumapeto kwa dimba lawo, ndipo m'kati monse ndi momata mapepala apulasitiki, moti wakunja saona kanthu. Ndinakhalamo mwina ola limodzi. Zimene ndinkachita ndikuuzani posachedwa. Pano dziwani chabe kuti mabotolo atatu sanakwane, bulangeti silinakwane, ndipo chikhoti, juzi ndi shati zinatsatira.

Kenako ndinamva kulira kwa kamakina. Pii. Pii. Pii. Kankayandikira.

"Walowa m'paipi yothirira maluwa," anali mawu a a Tweddle kuseri kwa mpanda. "Zaka makumi atatu pa ntchito ino, izi sindinazionepo. Ndipo wadutsa kunsi kwa mpandawu."

"Kupita kwa Avril?" Awa anali mawu a Noreen, otsika kwambiri.

"Kaya ndi kwa yani, amayi. Taonani thabwa ili. Lili ndi mahinjesi. Othira mafuta bwinobwino."

Ndinaganiza zobisala, koma m'nyumba yagalasi mulibe kunsi kwa bedi. Ndinatuluka, ndinatseka chitseko kumbuyo kwanga, ndinaima ngati mlonda. Noreen analowa chammbali pa thabwa paja, bondo lodwala lija litachira mwadzidzidzi. Anandipeza ndili m'vesiti, m'dimba la mayi wamasiye, mu Januwale, tsitsi lili nyankhalala.

Analoza kanyumba kagalasi kaja.

"Basi yake ndi imeneyi?"

Mano ankagundana okha.

"Zaka zingati?"

"Khumi, mayi."

"Masiku onse?"

"Kupatula Lamlungu. Ndi tsiku la maliro a achimwene anu."

"Mayi wa ku Blyth wa ma Stanley atatu uja?"

"Ndinapeka."

"Wansembe wa nkhunda?"

"Ameneyo analipo ndithu, koma ndinakumana naye mu 1974."

A Tweddle anayamba kuyang'anitsitsa kamakina kawo ngati kalembedwa uthenga wofunika. Nthawi yomweyo geti lakumbali linalira, ndipo Mayi Pringle anatulukira ndi ndodo yawo, tsitsi litapotedwa mwatsopano, lofiirira ngati bilinganya.

"Kodi kuli msonkhano?" anafunsa.

"Avril Pringle," anatero Noreen, mawu ake oyamba kwa mayiwo m'zaka zisanu ndi chimodzi. "Chikho sichinakukwanireni? Mwati mutenge ndi mwamuna yemwe?"

Mayi Pringle anandiyang'ana, vesiti yanga yobooka pamchombo, timikono tanga ta nkhuku yosendedwa, ndipo anaseka mpaka anatsamira ndodo ndi manja awiri.

"Ine ndi ameneyu? Noreen, mwamuna ndinaika m'manda mmodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinachapeponso sokosi ya munthu. Lenny, tsegulani chitsekocho. Ine ndatopa nako kunama kwanuku."

6

Noreen anandikankhira pambali ndi chala chimodzi, natsegula yekha.

M'katimo munali mathebulo awiri, mababu aataliatali ozima akulendewera pamwamba, hita yamagetsi yozizira pakona, mpando wanga wakale umene ndinamuuza kuti ndinautaya, ndi miphika makumi anayi. Bulangeti lake linali litafunditsa theka, chikhoti changa ndi juzi theka linalo, mabotolo a labala ali pakatipakati. Anakweza ngodya ya bulangeti. Mbande za anyezi zinali ndondondo, zobiriwira, zonenepa kale ngati pensulo pamene zake kwathu zinali ngati ulusi.

Pakhoma panapachikidwa kabuku. Anakatsegula. Tsiku lofesa, tsiku lowokera, kulemera kwa anyezi aliyense wa chikho, chaka ndi chaka, zonse m'zilembo za B wa mimba ziwiri zosiyana.

"Anyezi aja," anatero pang'onopang'ono.

"Ndi anga, mayi."

"Onse asanu ndi anayi."

"Onse. Mayi Pringle amangowanyamula kupita nawo kukalabu."

"Ndipo amalemera," Mayi Pringle anaonjezera. "Phewa ili silinachirebe."

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Mawu a chisoso aja anandilasa. Noreen atapita kwa Joanne milungu iwiri kukathandiza mwana atabadwa, ndinapempha kanyumbaka, kamene kanangokhala chimwalirire a Pringle. Mayi Pringle anavomera koma anati magetsi awo ayi, choncho ndinakumba ngalande, ndinakoka waya kuchokera kwathu. Ndinkangofuna kulima anyezi mmodzi wooneka bwino, ndimuike pathebulo, ndinene kuti taonani manja akupha aja. Koma anakula mopitirira. Ndinafuna kudziwa kulemera kwake pa sikelo ya kukalabu, Mayi Pringle anamulembetsa m'dzina lawo, ndipo anapambana. Madzulo amenewo Noreen analira m'basi. Ndikanaulula bwanji? Ndinati chaka chamawa ndisiya. Khirisimasi itafika, zala zinayamba kuyabwa.

Noreen anakhala pampando wanga uja.

"Bola chikanakhala chibwenzi," anatero. "Chibwenzi ndikanakukhululukirani pofika Pasaka. Kasanu ndi kanayi, bambo a Joanne, mwandigwira dzanja pochoka kukalabu, mukuti musadandaule mayi, chaka chamawa. Kasanu ndi kanayi. Mukudziwa kuti ndinapita kumanda kukapepesa bambo anga?"

Pamenepo ndinalibe nkhani, yoona kapena yopeka.

Kenako dzanja la Noreen, ngati silikumufunsa mwini wake, linapita pa mphika wapafupi. Anapisa chala m'dothi, nachinunkhiza.

"Mumathira chiyani?"

"Ndere za kunyanja zoolera m'mgolo. Ndi zitosi za nkhunda pang'ono."

"Zochuluka bwanji?"

"Amayi, pepani," a Tweddle analowerera ali pakhomo. M'manja ananyamula chinthu chamatope. "Ndafukula pamene analumikiza mawaya awiri. Anakulunga ndi jumbo ya buledi. Waya uyu pa bokosi latsopano sakhala ngakhale mphindi imodzi, swichi izigwa nthawi yomweyo, ndipo ine sindingamulowetse n'komwe. Njira zilipo ziwiri. Ndimudule, nkhani ithere pompa. Kapena mawa ndikoke watsopano, wokutidwa ndi chitsulo, wa swichi yakeyake. Nyumba ndi ya nonse, koma ndaona kuti ndifunse inu."

Kachipangizo koyezera kutentha kanali katatsika kufika pa madigiri atatu. Noreen ankadziwa bwino kuposa ine kuti mbande zoleredwa pa hita sizingaone m'mawa zikagona choncho. Anayang'ana miphika, anayang'ana ine. Ndinayesa kukokera mimba m'kati kuti ndioneke womvetsa chisoni, koma munalibe chokokera.

"Dulani," anatero.

Kenako anaonjezera:

"Watsopanoyo mukoke, koma asadutse mpanda. Apite m'nyumba yanga yagalasi. Inu bambo a Joanne, valani malaya musanatichititse manyazi kwa a dokotala. Miphika yonseyi ilowe kukhitchini, pafupi ndi chitofu, isanakwane wani koloko. Makumi awiri anga, makumi awiri anu, ndipo wosankha ndine."

"Zikomo, mayi."

"Musathokoze. Chaka chino mulembetsa dzina lanu, Leonard Heslop, zilembo zazikulu. Ndikufuna ndikugonjetseni kalabu yonse ikuona."

"Nanga chikho chija?" Mayi Pringle anafunsa. "Bwerani mudzatenge, chimandivuta kupukuta."

"Chisungeni mpaka Sepitembala," anatero Noreen. "Ndidzachitengera pa sikelo."

Ndinayenda maulendo makumi awiri kudutsa pa thabwa paja, miphika iwiriiwiri. Folo koloko a Tweddle anakweza maswichi a bokosi latsopano imodziimodzi, firiji inayambanso kung'ung'udza, ndipo anamwa kapu imodzi yokha ya tiyi.

7

M'chipinda chatsopano Noreen anagonamo yekha mpaka Pasaka inadutsa, ndi Pentekoste yomwe. Ine ndinatsala m'mwamba ndi mabotolo a labala. Anandiperekeza kukomiti ya kalabu kukaulula ndekha. Akuluakulu aja anakambirana maola awiri, napeza kuti m'malamulo awo mulibe ndime ya mwamuna wogonjetsa mkazi wake mobisa, chifukwa palibe amene anaganizapo kuti munthu angapuse chotero.

Chilimwe chonse tinalima m'nyumba imodzi yagalasi, mzere wa choko pakati. Ankandibera ndere ndikatembenuka. Ine ndinkasuzumira m'kabuku ka bambo ake akapita kosamba. Mu Sepitembala anyezi wanga analemera makilo asanu ndi limodzi ndi theka, woposa onse amene ndinalimapo. Wa Noreen anamuposa ndi kulemera kwa dzira limodzi. Ena amandifunsa ngati ndinamusiyira dala. Ayi ndithu, ndipo chimandiwawa n'chimenecho. Potuluka anandigwira dzanja pamaso pa anthu, chikho chili kukhwapa kwinaku, nandiuza mokoma mtima kuti ndisadandaule, chaka chamawa chiliko.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene muli ndi kanthu kokwirira kuseri kwa shedi, ndimvereni. Ndinkayesa kuti chimene ndinamubera Noreen ndi chikho. Tsiku lina tikuthirira anandiuza kuti chikho n'chitsulo chabe. Chimene chimamupweteka n'chakuti zaka khumi ankalima yekhayekha, akulakalaka munthu wokangana naye za manyowa, pamene munthuyo anali mayadi asanu kuseri kwa mpanda, akupeka nkhani za m'basi. Ndayenda maiko ambiri kufunafuna anthu oti ndiwamvetsere, ndipo wa m'nyumba mwanga ndinamusiya akulankhula ndi anyezi.

Tsono wamagetsi akadzaima m'khonde mwanu n'kunena kuti ayeza waya aliyense, musadikire Lachinayi. Ululani Lachitatu, mukadali ovala malaya.